Kamisolo wa M'lole ya Amuna Anga

1

Dzina langa ndine Benilda, wa ku Atok, kumapiri ozizira a kumpoto kwa Manila. Ngati munakwatiwa m'tchalitchi chathu m'zaka zapitazi, ndiye kuti munakhalapo pa benchi la m'khitchini mwanga n'kumamvetsera ine ndikukuphunzitsani kasungidwe ka mwamuna. Ndinali wapampando wa bungwe la amayi. Akazi amene amuna awo ankazembera kwina ankabwera kwa ine akulira, ine n'kuwathirira khofi, n'kuwafunsa mwachifundo chonse ngati anadzifufuza bwinobwino, poti mwamuna sangochoka popanda chomukankha. Ankabwerera kwawo akulira kuposa mmene anabwerera, ine n'kumati uphungu walowa.

Ndinali ndi mphamvu yolankhula choncho chifukwa amuna anga, a Onofre, anali asanandichititsepo manyazi. Ankayendetsa lole yonyamula kabichi, karoti ndi mbatatesi kupita ku msika waukulu wa ku La Trinidad. Mowa sankamwa, juga sankatchova, ndipo ine ankanditchula kuti inu ngakhale tili awiriwiri. Madalaivala anzawo anawapatsa dzina loti Akatekisiti. Ine dzinalo linkandisangalatsa, ndipo sindinaganizepo zofunsa ngati eni ake linkawasangalatsa.

Zinayamba mu Januwale, nthawi imene chisanu chimagwa m'minda mpaka kabichi kuyera mbuu. Timadzuka m'bandakucha kukathira madzi pa masamba kuti asawauke. Ine ndinkapita nditavala majuzi ophatikiza ndi jekete pamwamba, komabe chifuwa chinkandigwira chaka ndi chaka. Loweruka lina ansembe ankabwera kudzadalitsa magalimoto, ndiye ndinati madzi odalitsa asagwere pa fumbi, ndikasese kutsogolo kwa lole. Kuseri kwa mpando ndinapezako jumbo yakuda yomanga bwinobwino.

Munali kamisolo. Osati wa m'sitolo ayi, koma woluka pamanja ndi wulu wokhuthala wofiirira, wovalira mkati nthawi yozizira. Anali ndi mizere yopotana ngati zingwe, yochokera m'munsi, n'kupatukana kuzungulira bere lililonse, n'kukakumananso pa phewa. Kumbuyo kunali timabatani tamtengo. Ndinamuyeza pachifuwa panga. Ine ndine wowonda, pachifuwa panga palibe zambiri zoti munthu n'kufotokoza, ndipo m'chovala chimenecho munali malo okwana ine ndi mng'ono wanga.

A Onofre anali kupukuta galasi. Ndinachitukula m'mwamba.

“Lakay, amuna anga, ichi n'chiyani?”

Anayang'ana chovalacho, anayang'ana ine. Ndinawafunsa ngati mwina chinali cha munthu wina amene anamukweza panjira. Ndinawatsegulira ndekha khomo lothawira, ndipo akanangoti inde, nkhani ikanathera pomwepo. Koma anapinda nsanza imene inali m'manja mwawo, n'kupukusa mutu.

“Ayi baket, mkazi wanga, si cha wokwera. Chinachitika chinachitika basi.”

“Ndani?”

“Dzina lokha ndiye sindingatchule.”

Ansembe atafika anawaza lole yathu madzi ambiri, n'kutiyamikira pamaso pa anthu kuti ndife banja lachitsanzo. Kamisolo anali m'kati mwa jekete langa.

2

Ndinkafuna kuti nkhaniyi ikhale ya m'nyumba. Ndinangouza munthu mmodzi yekha, Manang Crisanta, wachiwiri wanga ku bungwe, kuti azindipempherera. (Kwathu mkazi wamkulu kwa iwe umamutchula Manang, mwamuna wamkulu Manong.) Pofika Lamulungu tchalitchi chonse chinali kundipempherera, ena mpaka kutembenuka pa benchi kuti aone bwino munthu amene akumupemphererayo.

Ndinkayembekeza kuti amuna anga aziyenda chowerama. Zinachitika zina. Alimi amene kale ankawadutsa osawapatsa moni anayamba kuwaimitsa pamsewu, kuwagwira chanza ndi manja awiri. Wometa tsitsi anakana kulandira malipiro. Ambrosio, dalaivala wapakamwa uja amene anayambitsa dzina la Akatekisiti, ndi amene ankafuula kuposa onse kuti iye ankadziwa kale kuti munthu wofatsa choncho sangakhale wopanda kake. Dzina linasintha, anakhala Atambala. Sabata isanathe a Onofre anagula nsapato zachikopa zosongoka kutsogolo, zija amavala madalaivala odzimva, ndipo ndinawamva akuimba mluzu posamba, chinthu chimene sindinamvepo chikwatiwire.

Ine ndinayesa mankhwala anga omwe. Ndinadzifufuza bwinobwino monga ndinkauzira anzanga, ndipo sindinapeze cholakwa chilichonse. Komabe ndinayamba kuwayang'anitsitsa akamadya, akamakweza matumba, akamatuluka pakhomo. Ndinaona kuti ali ndi mapewa. Ndinawaphikira nkhuku yowamba imene amaikonda, n'kuwaikira mbale patebulo mwamphamvu mpaka msuzi kutayika.

Lachitatu ndinapita nacho chovalacho ku msonkhano wa amayi ngati umboni. Ndinachiyala patebulo pambali pa mabuku a nyimbo. Ndinkaganiza kuti anzanga agwira pakamwa ndi tchimo lake, koma iwo anagwira pakamwa ndi kalukidwe kake. Wina anachitembenuza kufuna kuona polumikizira, sanapeze mfundo ngakhale imodzi. Wina anachikokakoka n'kunena kuti chimenechi munthu atavala sangakhosomole mpaka kufa. Mayi wina wachikulire anachiyesa pamwamba pa juzi yake, akuti pofuna kuthandiza kafukufuku, ndipo tinavutika kuti avule.

Manang Crisanta ndi amene anatibwezera pa mzere. Anati tikudziwa zinthu ziwiri: mwini wake ndi wodzaza pachifuwa, ndiponso amadziwa kuluka. Maso anayamba kuyendayenda pa zifuwa za anthu. Onenepa anayamba kupinda manja. Wina analumbira asanafunsidwe kuti iye masingano sanawagwirepo. Kenako wina kumbuyo anatchula dzina motsitsa mawu, ndipo onse anapuma mosangalala chifukwa mwini dzinalo sanali m'chipindamo.

3

Perpetua anali mayi wamasiye, wamkulu kwa ine pang'ono. Ankagulitsa khofi ndi phala la mpunga m'kachisakasa ka m'mbali mwa msewu, pamalo pamene malole amaima kuti mabuleki azizire. Pa chingwe cha kutsogolo ankapachika zipewa zoluka, zimene alendo ochokera ku Manila odzajambula chisanu ankalimbirana. Nthawi zonse ukamadutsa unkamuona ali ndi masingano m'manja. Anali wodzaza thupi, ankaseka mokweza ndi madalaivala, ndipo ku bungwe langa anali asanapondeko. Kwa ife umboni unali utakwana.

Tinapita gulu, titavala mipango yathu ya bungwe. Tinapeza basi ya alendo itaima, anthu ali mbwee kumwa khofi. Ndinadutsa pakati pawo, ndinatulutsa kamisolo uja, n'kumupachika pa chingwe pakati pa zipewa.

“Manang, munaiwala katundu wanu m'lole ya amuna anga.”

Perpetua anaika ketulo pansi. Anayandikira, anagwira mizere yopotana ija ndi chala, ndipo pankhope pake panadutsa kanthu kena kamene ine ndinati ndi manyazi. Anayang'ana kumsewu kumene kunaima malole, kenako anandiyang'ana ine.

“Ading, mng'ono wanga, tenga chinthu chako uzipita. Ukudzivula wekha pamsewu.”

Manang Crisanta anamufunsa maso ndi maso ngati analuka ndi iye. Perpetua, mayi amene pakamwa pake sipankatsekeka, anakhala chete. Anamufunsanso ngati akudziwa amene analuka. Anangotola ketulo yake n'kutipatsa msana. Ife tinayang'anana mokhutira.

Pamene ndinkachotsa chovalacho pa chingwe, mtsikana wina mwa alendo aja anandigwira pamkono n'kundifunsa mtengo wake, ndiponso ngati chilipo chobiriwira.

4

Nkhani inapita kwa akuluakulu. Anakumana pakhonde pa Apo Bugtong, nkhalamba yoseka ndi aliyense imene inkakonda milandu chifukwa milandu imathera pa nyama. Anthu anadzaza mpaka kumsewu. A Onofre anakhala pampando wapakati atavala nsapato zawo zatsopano, mutu atazyolika koma chifuwa atachitulutsa.

Apo anawafunsa ngati akuvomera kuti analakwira banja. Anavomera. Anawafunsa ngati mkaziyo ndi Perpetua.

“Sindinatchule dzina la munthu, Apo, ndipo sinditchula.”

Amuna anagwedeza mitu moyamikira, akuti ameneyu ndiye mwamuna, sapereka mnzake. Perpetua anaimirira.

“Manong Onofre, nenani zoona. Inu mukudziwa, inenso ndikudziwa.”

Mawu amenewo anamumaliza. Anthu anang'ung'udza, amayi a bungwe anaomba m'manja kamodzi. A Onofre anangoyang'ana nsonga za nsapato zawo.

Chigamulo chinali chakuti alipire nkhumba yopepesera mkazi wawo ndi mudzi. Pakhomo pathu panali nkhumba imodzi yokha, imene ndinailera ndekha ndi makoko a mbatatesi kuti tidzadye pa Pasaka. Ndiye popepesa ine, anapha nkhumba yanga, anthu n'kudya. Apo Bugtong akutsuka m'manja ananena kuti papita nthawi asanaweruze mlandu wonona choncho.

Zotsatira zake sizinachedwe. Amayi analetsa amuna awo kuima pa chisakasa cha Perpetua. Ana ankamuimba nyimbo akamadutsa. Koma chachikulu chinagwera mwana wake Jovelyn, amene ukwati wake unali utakonzedwa kale. Akuchimuna, anthu a ku Kapangan, anatumiza uthenga woti zinthu ziyambe zaima, akufuna aone kaye ngati khalidwe limeneli silili m'magazi. Nditamva ndinauza anzanga kuti zimenezo ndi zipatso za tchimo. Koma kunena zoona, mawu angawo ine mwini sanandikomere, chifukwa Jovelyn ndinkamudziwa. Anali mtsikana amene ankandinyamulira dengu popanda kumupempha.

5

M'mawa wina ndili kumunda, ndinaona Perpetua akutsika m'mizere ya kabichi. Sanandipatse moni. Anandiuza kuti Lachinayi tikwere basi limodzi kupita ku La Trinidad. Ndinamuyankha kuti ine sindiyenda ndi anthu a mtundu wake. Sanakwiye. Anati mwana wake wasiya kudya, akungogona choyang'ana kukhoma. Anati pali lonjezo limene anapanga kwa anthu ena, ndipo analisunga pamene linkadya dzina lake lokha, koma tsopano layamba kudya mwana wake.

Kenako anatulutsa m'thumba masingano aja ankakhala nawo nthawi zonse, pali chipewa choluka theka, n'kundipatsa.

“Tayang'ana bwino, iwe wodziwa kufufuza.”

Ndinayang'ana. Wulu wake anali atasuluka mbali imodzi ndi dzuwa, m'mizere muli fumbi la msewu, ndipo masingano anali atachita dzimbiri pamene ulusi unakhudza.

“Chipewa chimenechi ndinayamba kuchigwira mwamuna wanga ali moyo,” anatero. “Sichinakulepo ngakhale mzere umodzi. Ndimangochigwedeza alendo akamabwera. Ine kuluka sinditha, ading.”

Ndinamufunsa kuti nanga zipewa zonse zija amaluka ndani. Anangoti Lachinayi, n'kumapita.

Tinakwera basi, iye kutsogolo ine kumbuyo. Njira yonse ndinkaganiza za mkazi amene ndikukamuona: wamng'ono, wa m'tauni, wa zala zosalala. Ndinakonzeratu mawu omuuza, ena a m'Baibulo, ena ayi.

Ku La Trinidad malole amandanda kuyembekeza ogula, nthawi zina kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka. Ndinaona lole yathu pa mzere, kabichi ali momwemo, mwini wake palibe. Perpetua ananditsogolera kuseri kwa msika, m'kanjira ka matope, mpaka pamalo pomatira matayala. Tinadutsa pakati pa milu ya matayala akutha. Kumapeto kunali chitseko cha malata, ndipo m'kati munkamveka wailesi ikuimba nyimbo zamagitala zija amakonda madalaivala. Perpetua sanagogode. Anakankha ndi phazi.

6

Munali amuna asanu. Anakhala mozungulira pa matayala, atavala zipewa zawo zazikulu ndi nsapato zosongoka, aliyense ali ndi masingano m'manja. Pakati panali mulu wa majuzi a pa kaunjika, ndipo mmodzi anali kumasula juzi n'kumakulunga wulu pa botolo. Ambrosio, wapakamwa uja, anali ndi magalasi pamphuno, akuluka kasokosi ka khanda. Pakona panali amuna anga, kasingano kachitatu kokhota atakaluma pakamwa, zala zikuthamanga, ndipo kuchokera m'manja mwawo munkatsika mizere yopotana ngati zingwe.

Masingano onse anaima. Wailesi yokha inapitiriza kudandaula. Ambrosio anavula chipewa, anaikamo kasokosi kaja, n'kuvalanso, ulusi uli lende pa khutu.

Nkhani yake anaifotokoza mosinthana, aliyense akukankhira mnzake. Anayambitsa ndi Ambrosio, dokotala atamuletsa mowa. Manja ankasowa chogwira pa maola onse aja odikirira, ndiye anakumbukira zimene mayi ake anamuphunzitsa ali mwana. Anzake anamupeza, anamuseka, kenako mmodzimmodzi anayamba kupempha kuti ayeseko. Zoluka zitachuluka anapangana ndi Perpetua kuti azigulitsa ngati zake. Analumbirirana kuti wogwidwa afe yekha, asatchule gulu. Ndipo onse anavomereza, ngakhale pa nthawi yovuta ngati imeneyo, kuti pa zopotapota palibe wofika pa Onofre.

Ndinawatulutsa panja amuna anga. Tinaima pakati pa matayala.

“Ndiye kamisolo uja ndi wa ndani?”

“Ndi wako.”

Kanali koyamba kunditchula kuti iwe. Ndinaseka, koma kuseka kwa mkwiyo. Ndinatsegula jekete n'kuwaonetsa pachifuwa panga, majuzi ndi majuzi, n'kuwafunsa ngati maso awo amaona bwino.

“Muyeso ndinautenga m'mutu,” anatero motsitsa. “Mmene ndinakuonera komaliza kukuwala, unkayamwitsa Marivic.”

Marivic ndi mwana wathu woyamba. Pano ndi namwino, ali ndi mwana wakewake.

Ananena kuti kuyambira nthawi imeneyo ndimavalira kuseri kwa chitseko, ndimagona ndi majuzi, ndipo akangosuntha pabedi ndimayamba kolona. Ananena kuti ankandimva ndikukhosomola m'munda chaka ndi chaka, ndipo anaganiza kuti majuzi onse aja sathandiza chifukwa mphepo imalowera pansi, pakufunika chinthu chogwira thupi. Ankafuna adzandipatse n'kunama kuti anagula.

“Nanga bwanji simunanene tsiku lomwe lija?”

“Ndinatsegula pakamwa kuti ndinene. Koma unandiyang'ana ngati munthu amene wina angamube. Sunandiyang'anepo choncho. Kenako amuna anayamba kundipatsa moni.”

“Nanga mwana wa Perpetua?”

Anayang'ana pansi n'kunena kuti tsiku lililonse ankati mawa akonza, koma mawa likafika wina ankawagwira chanza ndi manja awiri.

Perpetua anali ataima kumbuyo kwathu. Anati zachikondi zathuzo tikamalizire kunyumba, iye akufuna kudziwa tsiku limene tikaime pamaso pa akuluakulu.

7

Madalaivala anayesa njira zonse. Anabwera kunyumba ndi thumba la mpunga kudzandipempha kuti tingonena kuti mkaziyo anali wa kutali ndipo anapita kunja kukagwira ntchito. Ambrosio anali atapeza kale dzina loti timupatse, ndi mudzi wake womwe. Anati mwamuna wachigololo anthu amamukhululukira pofika Khirisimasi, koma mwamuna woluka kamisolo adzamuseka mpaka pamaliro ake. Perpetua anakana, ndipo nthawi imeneyi ine ndinali mbali yake.

Pa bwalo lachiwiri anthu anachuluka kuposa poyamba. A Onofre anaimirira n'kunena kuti mkazi kulibe, sanakhaleko, chovalacho analuka okha. Anthu anaseka kuti akufuna kuteteza chibwenzi. Apo Bugtong anati mawu okha sakwana, pakufunika umboni. Ndiye amuna anga anakhala pansi, anatulutsa masingano, n'kuyamba kuluka pamaso pa mudzi wonse. Ndinaona amuna ena akuyang'ana kumbali ndi chisoni chenicheni, chimene sanachionetse tsiku la chigololo lija. Amayi okha ndi amene anayandikira kuti aone mmene amapotolera.

Akuluakulu anavutika. Mwambo wa mwamuna wolakwa ulipo, koma wa mwamuna amene ananama kuti analakwa panalibe amene ankaudziwa, ndipo nkhumba yodyedwa sibwezedwa. Atanong'onezana kwa nthawi, anagamula kuti banja limene linaipitsa dzina la mayi wamasiye lipereke nkhumba ina, ikadyedwe pa ukwati wa Jovelyn. Tinagula kwa achimwene anga. Apo anati chilungamo chayenda bwino mbali zonse.

Sabata yotsatira Manang Crisanta anatenga mpando wa bungwe. Anauza amayi kuti iye ankakayikira kuyambira pachiyambi, kungoti ine sindimva za anthu. A Onofre dzina la Atambala linawathera, anayamba kuitanidwa kuti Manang Onofre ngati mkazi, ndipo anakhala mwezi wathunthu atatupa, osaimba mluzu.

Koma alendo a ku Manila atamva kuti kuli madalaivala oluka, anayamba kuima kuti awajambule. Lero Ambrosio amalukira poyera, atakhala pa bampala ya lole, chipewa chili pamutu, ndipo amauza aliyense kuti iye sanabisepo. Zipewa amagulitsa okha. Chingwe cha Perpetua chilibe kanthu.

Jovelyn anakwatiwa mu Meyi. Ine ndinakhala kumbuyo, pafupi ndi otsuka mbale. Ndinapita kwa Perpetua kukapepesa, iye anandimvetsera mpaka kumapeto, kenako anandifunsa ngati ndikufuna khofi wa shuga kapena wopanda. Mpaka lero ndimapita kukagula khofi kwa iye sabata iliyonse. Amandithirira, amalandira ndalama, ndipo sitinasekerepo limodzi.

8

Kamisolo uja amuna anga anamumasula yense. Tsiku lina masana dzuwa lili pamutu, a Onofre anatseka chitseko, anatsegula makatani, n'kundiyeza ndi kachingwe. Ine ndinkayang'ana kudenga ngati ndili kuchipatala, mpaka tonse tinayamba kuseka. Analuka wina wondikwana, ndipo wulu wotsala anakwana chipewa, masokosi ndi kajuzi ka mdzukulu wathu. Januwale wa chaka chino ndinakhosomola pang'ono chabe.

Inu owerenga, makamaka amayi anzanga, mwina mukudikira kuti ndikupatseni malangizo. Ntchito imeneyo anandichotsa, ndipo anachita bwino. Ndinaphunzitsa atsikana ambiri kasungidwe ka mwamuna pamene wanga ndinkangomudziwa nsapato ndi mbale yodyera. Ndinayenda mtunda wautali kukasaka mkazi woti ndimude, ndipo ndinamupeza msanga chifukwa anali wamasiye, wonenepa, woseka mokweza, wopanda mwamuna womuyankhira. Ine ndi amuna anga tinatuluka mu nkhaniyi tili ndi banja lofunda kuposa kale. Amene analipira ndi munthu amene sanalakwe, ndipo zimenezo palibe nkhumba imene ingakonze. Ngati mudzadutse pa msewu wathu, imani pa chisakasa chake mugule khofi ndi phala, koma musatchule dzina langa.

Ndipo inu abambo amene mukuseka, dziwani kuti kwathu kuno alipo amuna amene mpaka lero amakhulupirira kuti mkazi uja analipo ndithu, kuti zolukazi ndi nzeru chabe zophimbira nkhani. Amawakodola a Onofre pamsika n'kuwanong'oneza kuti, “Ife timadziwa, Atambala.” Amuna anga savomera, komanso sakana. Amangomwetulira n'kupitiriza kuluka. Ine ndimamva, ndipo ndimawasiya.